Njerwa Zopanda Udzu: Mlandu wa Mpira wa Amayi



Mlandu umene ndadza nawo ambiri amauyesa wachibwana, popeza ndi wa mpira. Koma pali mawu amene ndawamva kawirikawiri pakamwa pa anthu olemekezeka, m'maofesi, m'maminibasi ndi pa wailesi, ndipo chifukwa amanenedwa mofatsa, ngati ndi nzeru yosatsutsika, ayenera kuyankhidwa mofatsa momwemo. Mawuwo ndi akuti mpira wa amayi sukoka anthu, subweretsa ndalama, ndipo chifukwa chake sikulakwa kuti asungwana alandire zotsala, pakuti munthu amadya za thukuta lake. Ndikupemphani kuti tiwatenge mawu amenewa, tipite nawo kumene nkhani inayambira, tione ngati angaime.

Pa nthawi ya nkhondo yoyamba ya dziko lonse, amuna a ku England atatengedwa kunka kunkhondo, akazi ndiwo analowa m'mafakitale kukagwira ntchito zimene kale zinkatchedwa zachimuna; ndipo mumzinda wa Preston, pa fakitale ya Dick, Kerr, imene masiku amenewo inkapanga zipolopolo, asungwana amene ankakankha mpira pa nthawi yopuma anapangana mu 1917 kukhala timu, nayamba kusewera pamaso pa anthu kuti apeze ndalama zothandizira asilikali ovulala. Mbiri yawo inawanda dziko lonse. Pa 26 Disembala 1920, pa bwalo la Goodison Park mumzinda wa Liverpool, anthu 53,000 analipira pachipata kuti aone asungwana a Dick, Kerr akusewera ndi anzawo a ku St Helens, ndipo enanso zikwizikwi anatsekeredwa kunja chifukwa bwalo linadzaza. A Dick, Kerr anapambana ndi zigoli 4 kwa 0.

Chaka chisanathe, pa 5 Disembala 1921, akuluakulu a bungwe loyendetsa mpira ku England anakhala pansi nagamula kuti mpira wamiyendo suyenera akazi, nalamula matimu onse a pansi pawo kuti asabwereke mabwalo awo kwa akazi. Ndipo lamulolo linakhala chikhalire zaka 50, kufikira 1971. Taonani bwino pamenepa, abale anga, pakuti nkhani yonse yagona apa. Akaziwo anawatsekera chipata pamene mabwalo anali kusefukira ndi anthu, ndalama zikulowa, manyuzipepala akulemba mayina awo. Chimene chinawopsa akuluakulu aja chinali khamu lomwelo.

Mwa asungwana amenewo munali wina, Lily Parr, amene mwendo wake wamanzere unkaopedwa ngakhale ndi amuna oima pagolo. Lamulo litadza, iye ndi anzake sanaleke, koma anapitiriza kusewera m'mabwalo achabechabe, iye akudzipezera chakudya ndi ntchito ya unamwino m'chipatala; anamwalira mu 1978, ndipo chiboliboli chake chinaimikidwa ku Manchester mu 2019, patapita zaka 41 ali m'manda. Ulemu wochedwa chotere umatonthoza amoyo, koma mwini wake saumva.

Musayese kuti anali Angerezi okha. Ku Brazil, dziko limene mpira umalemekezedwa ngati chipembedzo, boma la Getúlio Vargas linaika lamulo mu 1941 loletsa akazi masewero amene linati sagwirizana ndi chibadwa chawo, ndipo chiletsocho chinachotsedwa mu 1979, kutatsala zaka 7 zokha kuti abadwe Marta, amene anadzasankhidwa kasanu ndi kamodzi kukhala katswiri woposa akazi onse a padziko. Ku West Germany bungwe la mpira linaletsa akazi kuyambira 1955 mpaka 1970. Ndipo pamene timu ya akazi ya dzikolo inatenga chikho cha ku Ulaya mu 1989, mphotho imene bungwe linapatsa wosewera aliyense inali makapu ndi mbale zomwera khofi.

Tsono pamene munthu anena lero kuti mpira wa amayi ngwotsalira, ine ndimakumbukira nkhani ija ya m'buku la Eksodo, ya akapitawo a Farao amene analeka kupatsa ana a Israele udzu woumbira njerwa, koma nawerengabe njerwa madzulo monga mwa kale, ndipo zitaperewera anawakwapula ndi kuwatcha aulesi. Zaka zimene akazi anali otsekeredwa kunja ndi zomwezo zimene mpira wa amuna unamanga mabwalo ake aakulu, unalowa pa wailesi ndi pa wailesi ya kanema, unapeza makampani oupatsa ndalama, unaphunzitsa aphunzitsi ndi oyimbira, ndi kubzala m'mitima ya ana chizolowezi chakuti Loweruka masana bambo amatenga mwana wake wamwamuna kunka naye ku mpira. Chuma chonsecho chinaunjikana mibadwo iwiri, mbali imodzi yokha. Kubwera lero ndi sikelo, ndi kuyeza awiriwa ngati anayambira pamzere umodzi, ndiko kuwerenga njerwa utabisa udzu.

Ndipo chipata chitatsegulidwa, chinatsegulidwa monyinyirika. Mpikisano woyamba wa dziko lonse wa amayi unachitikira ku China mu 1991, patapita zaka 61 chiyambire wa amuna. Munali matimu 12, Africa yense anaimiridwa ndi Nigeria yekha, ndipo masewero ankatha pa mphindi 80, chifukwa akuluakulu anaganiza kuti mkazi sangathamange mphindi 90. Ku masewero a Olimpiki mpira wa amayi unalowa mu 1996. Ngakhale mu 2015, ku Canada, akazi anaseweretsedwa pa kapinga wa pulasitiki, amene amatentha ndi dzuwa ndi kusupula khungu la munthu akagwa, chinthu chimene sichinachitikepo pa chikho cha dziko lonse cha amuna.

Koma onani chimene chimachitika udzu ukaperekedwa. Mu 1972 dziko la America linakhazikitsa lamulo lotchedwa Title IX, limene silinatchule mpira n'komwe. Linangoti sukulu iliyonse yolandira ndalama za boma isasiyanitse mnyamata ndi mtsikana pa chilichonse chimene imapereka. Popeza masewero ndi gawo la zimene sukulu imapereka, masukulu anakakamizika kupeza mabwalo, aphunzitsi ndi mayunifolomu a atsikana; ndipo atsikana ochita masewero m'masukulu a sekondale, amene pa nthawiyo sankafika 300,000, anadzapitirira 3 miliyoni. Ana amene anakula pansi pa lamulolo ndiwo anatenga chikho cha 1991, ndiwonso anadzaza bwalo la Rose Bowl ndi anthu 90,185 pa ndime yomaliza ya 1999. M'mera mpoyamba, anatero makolo athu. Ndipo kumene kwachitika zofanana, zipatso zake n'zomwezo: mu 2022 anthu 91,648 anaonera akazi a Barcelona pa bwalo la Camp Nou, ndipo 87,192 anadzaza Wembley pamene akazi a England, zidzukulu za aja anathamangitsidwa mu 1921, anagonjetsa Germany ndi kutenga chikho cha ku Ulaya. Mpikisano wa dziko lonse wa 2023, ku Australia ndi New Zealand, unaoneredwa m'mabwalo ndi anthu pafupifupi 2 miliyoni. Mawu aja akuti anthu safuna kuonera akazi ndiye afera pomwepa.

Sindibisa kuti chikho cha amuna chimabweretsabe ndalama zambiri koposa, ndipo wonena zimenezi sanama. Mu 2022, ku Qatar, matimu a amuna anagawana madola 440 miliyoni. Chaka chotsatira akazi anagawana madola 110 miliyoni, ngakhale kuti mu 2019 anali atagawana 30 miliyoni okha. Mpata ulipo, ndipo ngwaukulu. Chimene ndikana ndi chakuti mpatawo unagwa kuchokera kumwamba, kapena kuti bungwe la mpira la dziko, limene silinakhazikitsidwe kuti likhale sitolo yofuna phindu koma kuti lilere masewero a ana onse a mtunduwo, lingathe kubisala kumbuyo kwa mpata umene mabungwe anzake anaukumba ndi manja awo.

Kulikonse kumene zinthu zasintha, akaziwo ndiwo anayamba kulankhula, pakuti wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. M'buku la Numeri timawerenga za ana aakazi asanu a Zelofehadi, Mala, Nowa, Hogila, Milika ndi Tiriza, amene atate wawo anafa wopanda mwana wamwamuna, ndipo poona kuti dziko likugawidwa iwo akudumphidwa, sanakhale m'hema kulira, koma anakaima pamaso pa Mose ndi akalonga ndi khamu lonse napempha cholowa chawo. Mlandu wawo unapezeka wolungama, ndipo lamulo la Israele linasinthidwa chifukwa cha iwo. Otere aliponso m'masiku athu. Ada Hegerberg wa ku Norway, amene mu 2018 anakhala mkazi woyamba kulandira mphotho ya Ballon d'Or, anakana kusewerera dziko lake zaka zisanu, nalolera kuphonya chikho cha dziko lonse ali pachimake pa mphamvu zake, chifukwa cha mmene akazi ankasamalidwira. Pa 8 Malichi 2019 osewera 28 a timu ya America anasumira bungwe lawo kukhoti, iwo amene ankabweretsa zikho pamene timu ya amuna inali italephera ngakhale kufika ku mpikisano wa 2018. Woweruza anataya mbali yaikulu ya mlandu wawo mu 2020, koma iwo anachita apilo, ndipo mu 2022 bungwe linavomera kulipira madola 24 miliyoni ndi kuti kuyambira pamenepo amuna ndi akazi azilandira mofanana, ngakhale ndalama za chikho cha dziko lonse aziziika m'thumba limodzi ndi kugawana. Mlandu suwola.

Kuno ku Africa nkhondoyi ili ndi nkhope ina, yomvetsa chisoni koposa, pakuti alongo athu nthawi zambiri samenyera n'komwe kulingana ndi amuna. Amamenyera kulandira kangachepe kamene analonjezedwa kale. Akazi a Nigeria, amene atenga chikho cha Africa kakhumi, anakana kutuluka m'hotela ku South Africa mu 2004 atapambana chikho, kufikira atalipidwa; anachitanso chimodzimodzi ku Abuja mu 2016, ndiponso ku France mu 2019. Tangoganizani akatswiri a kontinenti yonse, chikho chili m'chipinda, atakhala pakama kudikira kuti wina awakumbukire. A Banyana Banyana a ku South Africa, amene anatenga chikho cha Africa ku Rabat mu 2022 motsogozedwa ndi mphunzitsi wawo Desiree Ellis, anakana kusewera ndi Botswana atatsala pang'ono kunyamuka ulendo wa ku chikho cha dziko lonse cha 2023, chifukwa cha mikangano ya malipiro ndi bwalo losayenera. Komabe chaka chomwecho South Africa, Nigeria ndi Morocco onse atatu anadutsa ndime ya m'magulu.

Pali chinthu china chimene ndalama sizingakonze, ndipo ndichinena ngakhale n'cholemera pakamwa. Usiku umene akazi a Spain anatenga chikho cha 2023, mtsogoleri wa bungwe lawo, Luis Rubiales, anagwira mutu wa wosewera Jenni Hermoso nampsompsona pakamwa, iye asanalole, pamaso pa dziko lonse. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere: dziko limene linali ndi timu yoposa onse linalinso ndi akuluakulu oyesa thupi la wosewera ngati gawo la mphotho yawo. Osewerawo anagwirizana kuti sadzavalanso yunifolomu ya dziko mpaka zinthu zitasintha. Munthuyo anatula pansi udindo, ndipo mu 2025 khoti linampeza wolakwa. Ngati zotere zichitika poyera, makamera akuona, nanga kumisasa ya matimu aang'ono, kumene mtsikana wa zaka 15 amadalira mwamuna mmodzi kuti amuike pa mndandanda wa osewera, kumachitika zotani? Aphunzitsi ndi makolo, funso ili ndi lanu.

Ndipo mkazi akasewera bwino koposa, amakumana ndi chipongwe china, chomufunsa ngati ndi mkazidi. Barbra Banda wa ku Zambia, amene pa Olimpiki ya ku Tokyo anamwetsa zigoli zitatuzitatu pa masewero awiri otsatizana, chinthu chimene mkazi wina aliyense anali asanachitepo, anasiyidwa pa chikho cha Africa cha 2022 chifukwa cha malamulo oyeza za m'thupi, ndipo wakhala akunyozedwa ndi anthu amene sanamuonepo n'komwe. Mwana wathu Tabitha Chawinga anaulula yekha poyera mu 2021 kuti ali mtsikana kuno kwathu anavulidwa zovala pa mpira, kuti otsutsana naye akhutire kuti ndi mkazi. Ife Amalawi, amene timadzitama ndi ulemu, amene timaphunzitsa mwana kugwada popereka madzi, tinachita zimenezi kwa mwana wamkazi wa eni, popanda mlandu wina koma wakuti amathamanga kuposa anzake. Mwana wa mnzako ngwako yemwe. Manyazi a tsiku limenelo ndi athu tonse.

Tsopano ndifike pakhomo. Kuno sikunalembedwe lamulo loletsa akazi mpira wamiyendo monga ku England kapena ku Brazil, koma mwambo unagwira ntchito ya lamulo. M'masukulu athu munagawidwa kalekale kuti anyamata ndi a mpira wamiyendo, asungwana ndi a ntchemberembaye. Ndipo kuyambira 1973 mpaka 1993 lamulo la kavalidwe linkaletsa mkazi kuvala buluku kapena chovala chachifupi poyera, kotero kuti m'maso mwa mbadwo wathunthu mtsikana wovala kabudula ndi jombo anali chinthu chachilendo ndi chochititsa manyazi. Sindinyoza ntchemberembaye, Mulungu andiletse. Mary Waya, Mwai Kumwenda ndi ma Queens anzawo anaimika dzina la Malawi pakati pa mayiko otsogola pa nthawi imene panalibe timu ina yathu yotero. Iwo ndiwo umboni woyamba wakuti mwana wamkazi wa dziko lino, akangopatsidwa kabwalo ndi mphunzitsi, amafika kutali.

Umboni wachiwiri unachokera ku Rumphi. Tabitha Chawinga, wobadwa mu 1996, anayamba mpira pakati pa anyamata a kwawo, nadza ku Lilongwe ku timu ya DD Sunshine, ndipo mu 2014 anaoloka nyanja kunka ku Sweden, dziko la chisanu, kukayamba m'timu yaing'ono ya kumudzi. Mu 2017 anamwetsa zigoli zambiri kuposa wina aliyense mu ligi yaikulu ya dzikolo. Anachitanso zomwezo ku China, ku Italy ali ku Inter Milan, ndi ku France ali ku Paris Saint-Germain, asanapite ku Lyon. Mng'ono wake Temwa anatsata mapazi omwewo, ndipo mu 2024, chaka chake choyamba ku Kansas City Current, anamwetsa zigoli 20, kuposa aliyense m'mbiri ya ligi ya ku America pa chaka chimodzi, nasankhidwa kukhala wosewera wopambana onse. Mu Okutobala 2023 ma Scorchers, timu ya amayi ya dziko lathu, anagonjetsa Zambia 2 kwa 1 ndi kutenga chikho cha COSAFA kwa nthawi yoyamba, ndipo mu Okutobala 2025 anachotsa Angola ndi kupeza malo ku chikho cha Africa, kumene anali asanafikeko.

Tonse tinaimba nthungululu, ndipo kunali koyenera. Koma ndikuopa kuti tingayambe kudzinyenga, ndi kunena kuti popeza a Chawinga anatulukira, ndiye kuti njira ilipo ndipo mtsikana aliyense waluso adzaipeza yekha. Ana awiriwa anapulumuka. Sitinawalere ife monga mtundu, ndipo tikamavina ndi zikho zawo tikukolola pamene sitinafese. Pa mtsikana mmodzi amene anafika ku Sweden, ndi angati a ku Nsanje, ku Mchinji ndi ku Chitipa amene anali ndi mwendo womwewo, koma anauzidwa kuti mpira udzawaumitsa thupi, kapena kuti sadzakwatiwa, kapena anangosowa wowauza kuti bwerani mawa tidzasewere?

Pitani pa sukulu ya pulayimale iliyonse nthawi ya 4 koloko madzulo. Pabwalo mupeza anyamata, opanda nsapato, akuthamangitsa mpira wachikulunga wa mapepala a pulasitiki omangidwa ndi luzi, ndipo adzasewera mpaka mdima utawalekanitsa. Alongo awo mudzakumana nawo panjira, ndowa pamutu kuchokera kumjigo, kapena mtolo wa nkhuni, kapena khanda la amayi kumsana. Palibe amene anawaletsa ndi pakamwa. Koma luso la mpira limakula ndi maola, ndipo maola a mtsikana anagawidwa kale asanadzuke. Nkhani ya madola mamiliyoni ya ku America ndi denga la nyumba. Maziko ake ndi ola limeneli la madzulo, ndipo ola limeneli silili m'manja mwa FIFA, lili m'manja mwa anthu amene mwakhala muno.

Malamulo tili nawo kale. Malamulo aakulu a dziko lino amaletsa kusala munthu chifukwa chakuti ndi mkazi, ndipo mu 2013 Nyumba ya Malamulo inakhazikitsa lamulo la kusasiyanitsa pakati pa amuna ndi akazi. Chotsala ndi kulitsitsa lamulolo kuchoka m'mabuku kufika pa fumbi la bwalo. Inu aphunzitsi aakulu, lembani pa bolodi masiku a sabata amene bwalo lalikulu ndi la atsikana, ndipo tsikulo likafika anyamata aime kunja kwa mzere achemerere. Pogula mipira ya sukulu, gulani iwiri. Inu a mabungwe a mpira, pamene mugawa thandizo lochokera ku FIFA ndi ku boma, lengezani poyera kuti la akazi ndi lingati ndipo lapita kuti; alawansi ya msasa ya Scorcher ikhale yomweyo ya Flame wa timu ya amuna, pakuti mbendera imene amanyamula ndi imodzi, ndipo ilipidwe pa tsiku lake, mtsikana asanachite kupempha. Timu iliyonse ya atsikana ikhale ndi mayi wamkulu woyenda nayo, amene mwana angathe kumuuza zakukhosi popanda kuopa kuchotsedwa pa mndandanda. Inu mafumu, amene mumagawa malo, mukamapatula bwalo la mudzi nenani pamsonkhano kuti ndi la ana onse. Ndipo inu makolo anzanga, ngati m'nyumba muli mnyamata ndi mtsikana, Lachiwiri ndi Lachinayi ndowa ija aisenze mnyamata, kuti mlongo wake akafike pabwalo dzuwa lisanalowe.